Pangano la Kugwedeza Mutu

Padangotero. Amene mwatsala yankhani kuti tili tonse, ngakhale mabwalo a masiku ano sadzaza ngati kale.

Kalekale mlengalenga munalibe mwini. Pamwamba penipeni, kupitirira mitambo, panali njira imodzi imene anamzeze ankadutsamo chaka ndi chaka pokaitana mvula. Ankanyamuka mapira akacha, n'kubwera ndi mabingu oyamba.

Ndiye panali Nthengu, nthumwi ya mbalame zing'onozing'ono ku bwalo lalikulu. Masiku amenewo Nthengu sanali wakuda ayi. Anali wotuwa ngati phulusa, mchira wake wopanda mphanda. Chuma chake chonse chinali pakamwa: ankatha kulankhula ndi mawu a mbalame iliyonse, mpaka mwini mawuwo kucheuka. Mkazi wake anali Namzeze.

Mavuto anayamba ndi chinthu chabwino. Kangaude, mmisiri wa ulusi, anayala ulusi wake pamwamba pa mitambo, ndipo mbalame zinatulukira kuti ukapachikapo mtsuko wa madzi, madziwo amakuonetsa zonse zochitika pansi. Mbalame zazing'ono zinasonkherana mtsuko umodzi woonera kumene kukutuluka ngumbi. Koma mafumu awiri, Chiwombankhanga wa kum'mawa ndi Kabawi wa kumadzulo, anapachika mitsuko yosawerengeka, aliyense kuti azisuzumira m'chisa cha mnzake.

Chaka china Chiwombankhanga anapachika dengu la miyala kumwambako, n'kutengamo umodzi, n'kuphwanya mtsuko wake womwe, wakale wong'aluka.

"Ndi wanga," anatero atafunsidwa. "Ndimangoyesa chikhadabo."

Kabawi anaumva uthengawo, pakuti unali wopita kwa iye. Iye miyala sankasunga kumwamba. Anali ndi legeni yoponyera kuchokera pansi. Anaphwanya mitsuko yake iwiri.

Tsono kumwamba kuja chinthu sichigwa. Mapale a mitsuko ija anayamba kuzungulira ndi mphepo, liwiro la muvi, modutsa m'njira ya anamzeze. Chaka chimenecho Namzeze anabwera ndi bala paphiko. Mng'ono wake sanabwere.

Mapira atachanso, Namzeze anati, "Bambo, ulendo uno ndikuuopa."

"Ndiye musapite."

"Ndikakhala, mvula akaitana ndani? Inuyo? Mapiko anu othera pa nsonga ya mtengowa?"

"Mwayamba chipongwe," anatero Nthengu. "Chabwino, pitani. Koma pobwera mudzapeza njira yosesasesa. Ndiwalumbiritsa mafumu onse awiri."

Kulumbira kwa mbalame kunali ndi mwambo wake. Wolumbira ankazula yekha nthenga ya phiko ndi mlomo wake, pamaso pa bwalo, n'kuiponya m'nkhali imene ankasunga gogo Nang'omba, mkulu wa bwalo. Ukaswa lumbiro, Nang'omba ankatentha nthenga ija, ndipo phiko lako lonse linkathothoka. Chifukwa chake mbalame sizinkalumbira mwachibwana.

Tsiku lonyamuka, Namzeze anapita kwa Nang'omba, n'kuzula nthenga yake, n'kuiponya m'nkhali.

"Ndikulumbira kuti ndidzabwerera kwa mwamuna wanga mvula ikamadzagwa."

"Mayi, nanga zimenezi n'zachiyani?" anafunsa Nthengu.

"Kuti musatenge wina ndili kuulendo, ndimakudziwani. Komanso mukawauze akuluakuluwo kuti sizipweteka kwenikweni. Ine wamng'onong'ono ndazula."

Anamzeze anali ndi nyimbo yawo ya paulendo. Inali nyimbo yaifupi, ya mawu otsika ngati ya pamtondo. Wotsogolera ankafunsa kuti ndani adzasese njira ya obwerera kwawo, ndipo ovomera ankangobweza funso lomwelo, pakuti nyimboyo inalibe yankho. Namzeze anaiyambitsa, anzake anavomera, basi anapita.

M'mawa mwake Nthengu anapita kum'mawa, n'kubisala m'masamba pafupi ndi Chiwombankhanga. Anatenga mawu a Kabawi n'kuyankhula ngati wodutsa: "Nkhalamba ija singabwere ku bwalo. Ikandiona miyendo imanjenjemera." Kenako anathamangira kumadzulo, n'kutenga mawu a Chiwombankhanga: "Kabawi ndi wakuba anapiye chabe. Pa bwalo la amuna sangatsegule pakamwa."

Tsiku la bwalo onse awiri anafika dzuwa lisanatenthe, aliyense atatukumula nthenga.

Nthengu anagwada. "Zikomo mafumu, zikomo bwalo. Ife ang'onoang'ono pempho lathu ndi limodzi. Kuphwanya mitsuko kuthe. Nkhali ndi iyo."

Kabawi anadzuka msanga. "Ine ndizula lero lomwe. Tilumbire kuti wina asasunge miyala kumwamba."

"Nanga legeni?" anafunsa Chiwombankhanga.

"Legeni ili pansi, achimwene. Tikukamba za kumwamba."

"Mwamumva? Akufuna dengu langa litsike, legeni yake itsale." Chiwombankhanga anatembenukira ku bwalo, mawu ake ali ofewa ngati a malume wachikondi. "Ana anga, kuzulana nthenga ndi mwambo wa osakhulupirirana. Ife ndife akuluakulu. Tingogwirizana makhalidwe abwino: wina asaphwanye mtsuko mosasamala, wina asayandikire mtsuko wa mnzake osaodira. Aliyense agwedeze mutu, zatha."

"Wawa, nanga wogwedeza mutu akaswa pangano, chimamuchitikira n'chiyani?" anafunsa Nthengu.

"Manyazi, mwana wanga. Manyazi aakulu."

Mbalame zazing'ono zinagawikana. Zodya m'munda wa Chiwombankhanga zinati kugwedeza n'chiyambi chabwino. Zomanga zisa m'mitengo ya Kabawi zinati popanda nthenga palibe pangano. Zina zinangoyang'ana pansi, kuopa kulakwira uku ndi uku. Dzuwa litapendeka, Nang'omba anati, "Kangachepe n'kako ndithu. Tigwedeze." Mitu inagwedezeka bwalo lonse ngati mapira pamphepo, ndipo njiwa zinalulutira.

Mwezi usanathe, Kabawi anaphwanya mitsuko itatu.

Nthengu anaulukira komweko. "Wawa, si munagwedeza mutu inu?"

"Ine? Inali ntchentche, inkandivuta pakhosi."

Nthengu anabwerera kwawo, n'kukhala pa nthambi imene ankakhala ndi mkazi wake. Anaimba nyimbo ija ndi mawu a Namzeze enieni, n'kudzivomera yekha ndi mawu ake. Oyandikana naye anatuluka kuti mwina mayi abwera, koma ataona kuti ndi iye anabwerera m'zisa.

Ulendo wachiwiri Nthengu anati, "Akakana kupereka, nditenga."

Anapita kwa Chiwombankhanga. "Wawa, ndaona nsabwe pamsana panu. Mfumu yonse kukhala ndi nsabwe, adani akaona aziti chiyani?"

"Chotsa msanga, ndipo usauze munthu."

Nthengu anakwera pamsana, n'kujompha apa, n'kujompha apo, kenako zuu! nthenga ya phiko.

"Iwe!"

"Inali nsabwe yaikulu, wawa, inakakamira."

Kwa Kabawi anachita chimodzimodzi, kungoti kumeneko anati ndi nthata. Anafika kwa Nang'omba ndi nthenga ziwiri kukamwa, mtima uli m'mwamba.

Nang'omba anaziyang'ana nthawi yaitali. "Wazula ndani?"

"Agogo, nthenga ndi nthenga."

"Ndafunsa kuti wazula ndani."

"Ine."

"Mdzukulu wanga, nthenga yakuba simanga. Ndingaitenthe lero, mwini wake sangamve ngakhale kufunda. Mphamvu ya lumbiro si nthenga ayi, ndi mlomo wa mwini wake. Kataye."

"Ndiye kuti womangidwa ndi yekhayo wofuna kumangidwa?"

"Wadziwa lero?"

Komabe Nang'omba anaitanitsa bwalo lachiwiri, chifukwa cha mitsuko itatu ija. Tsiku loyamba linatha akukangana kuti ndani akhale pa nthambi yapamwamba. Tsiku lachiwiri Chiwombankhanga anafunsa kuti kodi mwala n'chiyani.

"Dambe, chipatso cha mlambe, ndi mwala? Ndi chakudya. Nanga ndikakwera nalo kukadyera kumwamba, n'kundipulumuka?"

"Nanga chigoba cha nkhono?" anatero Kabawi. "Ine ndimakongoletsera chisa."

Tsiku lachitatu Nthengu anaimirira osagwada. "Mafumu, mitengo yayamba kuphuka. Akazi athu ali m'njira miyezi iwiri ikubwerayi. Dambe kaya nkhono, phale likacheka phiko silifunsa kuti linaswedwa ndi chiyani."

"Mwanayu walankhula zanzeru," anatero Chiwombankhanga. "Ziikidwe m'pangano."

Anaziikamo ndithu. Pangano linatalika, mawu ake okoma ngati uchi, moti Nang'omba analitchula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Anasankhanso kagulu ka mbalame zisanu koti kaziganizira nkhaniyi mofatsa. Mitu inagwedezeka kachiwiri. M'nkhali munali nthenga imodzi yokha.

Patapita masiku asanu ndi limodzi, dambe linamupulumuka Chiwombankhanga, ndipo linagwera ndendende pa mtsuko wa Kabawi. Phale limodzi linakaphwanyanso mtsuko uja wa mbalame zazing'ono.

"Pepani kwambiri," anatero Chiwombankhanga. "Ngozi siona nkhope."

Nthengu anaimbanso nyimbo ija pa nthambi yake. Ulendo uno oyandikana naye sanatuluke n'komwe.

Nthengu anakhala masiku osadya, akuganiza. Kenako anati, "Ndazindikira. Awa sanachekedwepo. Ululu amaumva m'nkhani za ena. Akaulawa pathupi pawo, azula okha."

Mitambo inali itayamba kusonkhana. Nthengu anadziwa kuti anamzeze atsala masiku ochepa. Anakwera mpaka pamene mapiko ake ankathera, n'kutenga mawu a mwana wa Chiwombankhanga, mwana mmodzi yekhayo, wodzalowa ufumu.

"Ababa! Ababa! Ndasochera kumwamba kuno! Mapale akundicheka!"

Chiwombankhanga sanayang'ane n'komwe m'chisa. Anakwera ngati mphezi, n'kulowa pakati pa mapale. Linamucheka pachifuwa, lina pamwendo, lina linangotsala pang'ono kumuchotsa diso. Anafunafuna, osapeza mwana, mpaka mphamvu zinamuthera.

Nthengu anali atathamangira kale kumadzulo, kumene analira ndi mawu a mkazi wa Kabawi. Nayenso Kabawi anakwera, nayenso anatsika ali magazi okhaokha.

Madzulo asanafike, mafumu awiri aja anali pa bwalo osaitanidwa. Nthengu anali asanawaonepo chomwecho: mapiko ali lende.

"Bweretsani nkhali," anatero Chiwombankhanga. "Mwana wanga wapita. Zimenezi zithe."

"Zithe," anatero Kabawi. "Legeni ndithyola. Dengu litsike."

"Litsika."

Nang'omba anaika nkhali pakati. Chiwombankhanga anaika mlomo pa nthenga ya phiko. Kabawi anaika mlomo pa yake.

Anakhala choncho, aliyense akuyang'ana mnzake ndi diso limodzi.

"Yambani ndinu," anatero Kabawi, mlomo uli m'phiko. "Ndinu wamkulu."

"Yamba ndiwe. Unaphwanya yambiri."

"Ndikazula ine, inu n'kusintha maganizo, nditsala womangidwa ndekha."

"Nanenso n'chimodzimodzi."

"Zulani pamodzi!" anakuwa Nthengu. "Ndiwerenga ine. Kamodzi, kawiri..."

Asanafike kachitatu, kunamveka mapiko. Anali mkazi wa Chiwombankhanga, mwana ali pambuyo pake, wathanzi, akutafuna kambewa.

"Bambo a mwana, mukutani kuno ndi magazi thupi lonse? Mwanayu wakhala akukufunsani tsiku lonse."

Chiwombankhanga anachotsa mlomo m'phiko pang'onopang'ono. Anayang'ana mwana, anayang'ana mabala ake, kenako anayang'ana Kabawi.

"Ndiwe. Unanditchera msampha kuti ndikafere kumwamba."

"Ine? Nanga amene analira ngati mkazi wanga ndani? Si anyamata anu?"

Nthengu anadziponya pakati pawo. "Ndine, mafumu! Ndine ndinalira! Ndipheni ine, koma zulani nthengazo!"

"Wakutuma ndani?" anafunsa onse awiri pamodzi.

"Palibe!"

"Kambalame ngati iwe sikangaganize zimenezi pakokha," anatero Chiwombankhanga. "Wakulipira Kabawi."

"Ndi kapolo wanu ameneyu," anatero Kabawi. "Ndinamuona akukuchotsani nsabwe."

Sanamumenye n'komwe. Anangomukankhira pambali, aliyense n'kuuluka kwake, wina ku dengu, wina ku legeni.

Tsiku lotsatira kumwamba kunalira ngati matalala pa chiwaya. Mtsuko ukasweka, mapale ake ankaswa mitsuko ina, mapale a imeneyo n'kuswanso ina. Pofika masana mafumu anali atasiya kuponya, koma kuswekako kunkangopitirira kokha, wopanda wokuletsa. Ulusi wa Kangaude unaduka wonse.

Ndipo chapatali, bingu loyamba linagunda.

Nthengu anamva nyimbo ija ikubwera kuchokera kutali, mawu ambirimbiri, wotsogolera akufunsa, ovomera akubweza funso. Mawu a wotsogolerayo anawadziwa.

Anakwera. Anapitirira nsonga za mitengo, anapitirira pamene anathera tsiku lija, anakwera mpaka mpweya unamuthera. Anakuwa ndi mawu ake kuti bwererani. Anakuwa ndi mawu a Chiwombankhanga, a Kabawi, a Nang'omba, a mbalame iliyonse imene ankaidziwa. Phokoso la mapale linameza onsewo. Phale lina linamung'amba mchira pakati, ndipo anagwa chozungulira mpaka m'tchire.

Ali chigonere anamva nyimbo ikuchepa. Ovomera anayamba kuperewera. Kenako wotsogolera anafunsa funso lake, n'kusiyira pakati.

Anamzeze amene anatulukira pansi pa mitambo anali ochepa, michira yong'ambika, pakhosi pali magazi. Nthengu anayenda kwa mmodzimmodzi.

"Mlamu, akazi anga?"

"Anali patsogolo, alamu."

"Mwina anabwerera?"

"Anali patsogolo."

Mvula inagwa masiku awiri, n'kusiya.

Pa maliro mbalame zonse zinabwera, mafumu omwe. Chiwombankhanga analankhula mawu ogwira mtima, kuti imfa imeneyi isapite pachabe. Kabawi anati pangano lija liwonjezeredwe mawu ena amphamvu. Anagwirizana zodzakumananso chaka chamawa. Mitu inagwedezeka kachitatu.

Mbalame zikuti zizibalalika, Nang'omba anatulutsa nkhali, n'kusonkha moto.

"Agogo, mukutani?" anafunsa Nthengu.

"Mwambo, mdzukulu wanga. Analumbira kuti adzabwerera mvula ikamadzagwa. Mvula yagwa."

"Sanaswe lumbiro! Anamupha ndi awa!"

"Ndikudziwa."

"Ndiye tenthani zawo!"

Nang'omba anapendeketsa nkhali kuti bwalo lonse lione. "Zawo zili kuti? Muno muli imodzi. Ndikaisiya, mawa adzati nkhaliyi ilibe mphamvu, ndipo tidzatsala opanda chilichonse."

"Mwambo ndi mwambo," anatero Chiwombankhanga mwachisoni.

"Lumbiro si masewera," anavomereza Kabawi. Aka kanali koyamba kuti awiriwo agwirizane.

Nthenga inagwera pamoto. Nthengu anailumphira. Anagudubuzika m'makala, akufukula ndi mlomo, utsi uli m'maso, mpaka anzake anamukoka miyendo. Anatuluka ali bii, thupi lonse, maso ali psuu. Kukamwa kunali kanthu kakang'ono kopiringizika, kamene kanafumbutuka atangotsegula mlomo.

Kuyambira pamenepo nthengu ndi wakuda, maso ofiira, mchira wa mphanda. Mukadzaona kambalame kakang'ono kakuthamangitsa kabawi kapena chiwombankhanga m'mwamba, kakujompha pamsana, ndi iyeyo, akufunabe nthenga imene akudziwa kuti singamange. Mafumu aja amakumanabe chaka ndi chaka, ndipo pangano lawo latalika moti kulitchula kumatenga sabata. Mapale akuzungulirabe. Mvula ikachedwa, musafunse chifukwa.

Konse kumene ndayenda ndamumva nthengu akuyerekeza mawu a mbalame zamitundumitundu. Koma mitambo ikasonkhana amakhala pa nthambi youma, n'kuyamba kanyimbo kotsika ka mawu osakhala ake. Amafika pakati n'kusiya, n'kupendeketsa mutu, kudikira wovomera.

Yathera pompa. Mbatata ija musavutike n'kuiphula, inapserera kalekale.